Mwana wa Fomu 1 aime yekha pansanja, timumve

Ikafika nyengo ya mipikisano ya zisudzo, sukulu za sekondale za mu Zomba zimachita phokoso. Holo yomwe chaka chonse imangokhala yodyeramo ndi kulemberamo mayeso imasesedwa, aphunzitsi oyang'anira kalabu ya zisudzo amatulutsa sewero lomwe alemba okha, ndipo sabata isanathe mbali zonse zagawidwa kale. Ya mfumu yapita kwa mnyamata wa Fomu 4 wa mawu aakulu. Ya mayi wamasiye yagwera mtsikana amene amakhoza Chingerezi. Ana a Fomu 1, omwe analembetsa mayina awo mwansangala teremu itangoyamba, amauzidwa kuti akhale anthu a m'mudzi: aime kumbuyo, ang'ung'udze ena akang'ung'udza, aombe m'manja, atuluke. Ena ntchito yawo ndi kunyamula mabenchi basi. Pofika Fomu 2 ambiri aleka kubwera, popanda ndi mmodzi yemwe amene anamvapo mawu awo.

Kachitidwe aka nkolakwika, ndipo tikutaya nako ana aluso chaka ndi chaka. Mwana aliyense wolowa kalabu ya zisudzo ayenera kuphunzitsidwa, m'teremu yake yoyamba, kuima yekha pamaso pa anzake ndi kulankhula kwa mphindi imodzi kapena ziwiri ali m'thupi mwa munthu wina. Mbali za m'sewero lalikulu ziziperekedwa ana onse atayesedwa poyera, osati mongoloza chala. Zinthu ziwiri izi sizilira ndalama, sizilira galimoto, sizilira zovala. Zimalira mphunzitsi amene wafuna.

Kukanakhala kwina tikanati mwina alibe poonera. Koma muno mu Zomba chodzikhululukira palibe. Chancellor College itasamukira ku Chirunga mu 1973 kuchokera ku Blantyre, inabwera ndi gulu lake la Travelling Theatre, lomwe linkayenda ndi masewero m'sukulu ndi m'maholo a dziko lino. Aphunzitsi monga James Gibbs, David Kerr ndi Chris Kamlongera anasula achinyamata ambiri pamenepa. Gibbs anasonkhanitsa masewero a Amalawi m'buku la Nine Malawian Plays mu 1976. Steve Chimombo, mwana wa muno mu Zomba, analemba The Rainmaker, sewero la nkhani ya M'bona. M'zaka za m'ma 1980 gulu lomweli linapita ku Mbalachanda ndi kumidzi ya ku Liwonde kukachita masewero m'zilankhulo za eni mudzi, pa nkhani za umoyo ndi chitukuko, ndipo njira imeneyi mabungwe akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Kuonjezera apo, bungwe lokonza maphunziro a m'sukulu, Malawi Institute of Education, lili pa Domasi pomwepa. Koleji yosula aphunzitsi a sekondale ili pa Domasi pomwepo. Bungwe la mayeso la MANEB lili m'tauni muno. Onse amene amalamula zimene mwana aphunzire, amene amasula womuphunzitsa ndi amene amamuyesa, ali muno mu Zomba. Nanga zikutheka bwanji kuti mtsikana wa pasukulu yoyendera, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Great Hall ya ku Chirunga, amalize Fomu 4 asanauzidwepo ngakhale kamodzi mmene angaimire, mmene angapumire ndi kumene angayang'ane polankhula?

Vuto linayambira pa chinthu chabwino. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, unayamba mu 1969, ndipo palibe angatsutse zimene wachita. Du Chisiza Jr anaonekera kumeneko ali mwana wasukulu pa HHI, mu 1982, ndi sewero lake la The Deceased's Attack, ndipo mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Ambiri mwa amene atisangalatsa pansanja ndi pawailesi anadutsira njira yomweyi. Koma mpikisano uli ndi matenda ake. Sukulu ikayamba kuganiza za chikho, imaleka kuganiza za mwana. Mphunzitsi amasankha ana amene akudziwa kale, chifukwa alibe nthawi yowumba watsopano. Amaimirira kutsogolo n'kuchita yekha mbali iliyonse kuti ana amutsanzire, mpaka kakwezedwe ka dzanja. Zotsatira zake tonse taziona: ana akukuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mitsempha ya m'khosi ili tototo, akulavula mawu aatali a Chingerezi omwe sakuwamva tanthauzo, akulira mokokomeza kuti oweruza aone kuti pali chisoni. Oonerera amakuwiza, chikho chimabwera, koma mukam'tenga mwana yemweyo n'kumuuza kuti anene mawu omwewo motsitsa, kwa munthu mmodzi amene wakhala naye pafupi, amasowa poyambira. Sanaphunzire kuchita sewero. Waphunzira kubwereza.

Ndikudziwa chimene ena anene. Adzati zisudzo zathu ndi za gulu, mutu umodzi susenza denga, ndipo zoimika munthu yekha pansanja ndi zobwera. Sindikuvomereza. Pitani kubwalo la milandu kwa mfumu iliyonse ya kuno: wodandaula amaima yekha, amayala nkhani yake kuyambira kumutu, amadziwa poyenera kutsitsa mawu ndi poyenera kuima kaye kuti mawu alowe. Pitani pamaliro mukamve wolankhula m'malo mwa banja, mmene amasenzera mudzi wonse ndi mawu ochepa. Mverani nkhoswe pokamba za ukwati. Agogo oimba nthano madzulo amakhala Kalulu, kenaka Fisi, kenaka mfumu, ali chikhalire pamphasa, ndipo ana amene amayankha kuti tili tonse amakhala oonerera ake. Ngakhale mlaliki wa mu basi ya ku Limbe ndi wogulitsa mankhwala pamsika wa Zomba amadziwa kugwira anthu ndi pakamwa pokha. Luso lolankhula uli wekha pamaso pa anthu ndi lathu kuyambira kale. Chachilendo ndi ichi chomwe tikuchita m'sukulu, chobisa ana makumi awiri kumbuyo kwa ana anayi. Ndipo gulu lolimba limapangidwa ndi anthu amene aliyense atha kuima payekha. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ankakoma ali awiri chifukwa aliyense ankadziwa nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete n'kumvetsera mnzake.

Tsono kuphunzitsako kumayenda bwanji? Apa ndipo ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa aphunzitsi ambiri amene anapatsidwa kalabu ya zisudzo sanaifunsire. Anangouzidwa mu stafu kuti inu a Chingerezi, kapena inu a Chichewa, tengani imeneyi. Sindikuwanyoza. Ndikuti ntchitoyi ili ndi njira yake, ndipo njirayo ndi yophunzirika.

Mwana asayambe ndi kuloweza. Ayambe ndi mafunso. Munthu amene ndikumuchitayu akulankhula ndi yani? Akufuna chiyani kwa iyeyo? Chikumuletsa kuchipeza nchiyani? Gawo la munthu mmodzi si ndakatulo yolakatula kwa oonerera, ndi theka la kukambirana lomwe theka linalo sitikulimva. Mtsikana amene akuchita mbali ya mwana wopempha fizi kwa amalume ake ayenera kuwaona amalumewo, adziwe ngati akhala pampando kapena akupalasa njinga yawo kuti azipita, adziwe kuti akamukana mawa sapita kusukulu. Akangodziwa zimenezi, mawu amayamba kutuluka mwa okha ndi kulemera koyenera. Mphunzitsi asamuuze kuti apa ukwiye, apa ulire. Amufunse kuti apa ukufuna kuwachititsa manyazi, kuwanyengerera kapena kuwaopseza? Mkwiyo ndi misozi ndi zipatso za chimene munthu akufuna, ndipo mwana akazithamangira mwachindunji amangotulutsa phokoso.

Chachiwiri ndi kusintha. Ngati mwana wamaliza gawo lake ali momwe analili poyamba, palibe chachitika. Penapake pakati payenera kukhala pokhotera: wayesa kunyengerera zakanika, tsopano wayamba kunena chilungamo chomwe ankachibisa. Ana a zaka khumi ndi zinayi amazimva msanga zimenezi, chifukwa ndi mmene amalankhulira ndi makolo awo tsiku ndi tsiku.

Kenaka thupi. Mwana wamantha amagwedezeka, amasuntha miyendo, amaseweretsa batani la malaya, amayang'ana kudenga. Mankhwala ake si kumukalipira. Aimike mapazi onse pansi, apume kuchokera m'mimba, asankhe malo amodzi kuseri kwa mitu ya oonerera pamene pali munthu amene akulankhula nayeyo, ndipo asasunthe pokhapokha pali chomusunthitsa. Aphunzire kusiyanitsa kukweza mawu ndi kukuwa: mnzake akhale kumapeto kwa bwalo la mpira, iye anene chiganizo chimodzi mopanda kukuwa mpaka mnzakeyo achimve chonse. Aphunzire kuti kukhala chete kwa kamphindi si kulakwa. Ndipo aphunzire chochita akaiwala mawu, chifukwa adzaiwala ndithu. Asatuluke m'mbali yake, asaseke, asapepese. Apume, akumbukire chimene munthu wakeyo akufuna, apitirire ndi mawu amene abwere. Mwana amene waiwalapo mawu pamaso pa anzake n'kupulumuka saopanso nsanja ngati kale.

Zonsezi ziyambe m'chilankhulo chimene mwanayo amalotera. Pa mfundo iyi sindibwerera m'mbuyo. Mwana wa kwa Chikowi, wa ku Chinamwali kapena wa ku Malosa amene mwam'patsa mawu a Macbeth tsiku loyamba akulimbana ndi zimphona ziwiri nthawi imodzi, mantha ndi Chingerezi, ndipo mphunzitsi sangadziwe kuti cham'gwetsa ndi chiti. Muloleni ayambe m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, adziwe kukoma kwa kunena chinthu chimene akuchimva mumtima n'kuona anzake atatcheradi khutu. Akalawa zimenezo adzazifunanso m'Chingerezi, ndipo Shakespeare adzam'peza ali ndi poponda. Cholinga cha ATEM chokweza Chingerezi sichiwonongeka ndi njira iyi. Chimene chimawononga Chingerezi ndi kuphunzitsa ana kuti ndi chilankhulo chokuwira, osati cholankhulira.

Wina afunsa kuti mawu oti ana achitewo tiwatenga kuti, popeza mabuku a masewero m'malaibulale athu ndi osowa. Zomba yadzaza ndi anthu oyenera kumvedwa. Mayi amene amatsika ku Ku Chawe ndi mtolo wa nkhuni kumutu, wakumana ndi mlonda wa nkhalango, akufotokoza chifukwa chake sangausiye mtolowo. Mnyamata wogulitsa mabulosi ndi miyala yonyezimira m'mbali mwa msewu wokwera phiri, akukakamira mtengo wake kwa mlendo amene akufuna kum'dyera masuku pamutu. Msodzi wa ku Kachulu, m'chaka cha 2018 pamene nyanja ya Chilwa inaphwa, akuuza mkazi wake kuti bwato ligulitsidwe. Wakabaza wa ku Matawale amene njinga yake yalandidwa. Nkhalamba ikusimbira chidzukulu za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zinatsika phiri n'kukokolola milatho ndi anthu. Mkazi amene waima pachipata cha ndende ya Mikuyu m'masiku a chipani chimodzi, atanyamula chakudya, osadziwa ngati mwamuna wake ali m'katimo. Ana atumidwe kukacheza ndi achikulire a kwawo, abwere ndi nkhani, alembe okha gawo la mphindi imodzi, mphunzitsi awathandize kudula mawu osafunika. Mabuku omwe ali nawo kale nawonso ndi nkhokwe: mwana atha kutenga Nthondo wa Samuel Ntara n'kulemba zimene munthuyo akanalankhula pa nthawi ina yovuta ya moyo wake. Chenjezo ndi limodzi. Namondwe Freddy wa mu 2023 anasiya mabala m'mabanja ambiri a chigawo chino, ndipo pali ana amene anataya makolo m'njira zina zowawa. Mphunzitsi asakakamize mwana kutukula chisoni chake chenicheni kuti sewero likome. Mwana amene akulira zenizeni pansanja sakuchita luso, akupwetekedwa.

Tsopano za kuyesa ana asanapatsidwe mbali, zimene achinyamata a zisudzo amazitcha odishoni. Apa pali nkhani ya luso komanso ya chilungamo. Tsiku lilengezedwe pabolodi sabata ziwiri lisanafike. Aliyense wofuna abwere ndi gawo lake. Alowe, apereke moni, atchule dzina lake ndi la munthu amene amuchite, apume, ayambe, amalize, athokoze. Kulowa ndi kutulukako nakonso nkophunzitsa, chifukwa ana athu ambiri analeredwa kuti pamaso pa akulu aziyang'ana pansi ndi kulankhula chapansipansi. Ulemu umenewo ndi wabwino pamalo pake, koma mwana adziwe kuti atha kukweza nkhope popanda kuchita mwano. Akamaliza, woyesa am'patse lamulo latsopano: bwereza, koma tsopano amalume akowa akudwala, ukuopa kuwadzutsa. Apa ndi pamene wochita zisudzo weniweni amaonekera. Mwana woloweza bwino amabwereza chimodzimodzi. Mwana womvetsera amasintha, ngakhale aphonye mawu ena, ndipo ameneyo ndiye woyenera kumugwiritsitsa. Kawirikawiri sakhala uja wotchuka pasukulu.

Pamalo oyeserapo pakhale aphunzitsi awiri, mmodzi wamkazi, chitseko chili chotsekula, dzuwa likuswa mtengo. Izi ndikuzinena mosapsatira. Paliponse pamene munthu mmodzi ali ndi mphamvu yopereka kapena kumana mbali, ndipo wopemphayo ndi mtsikana wamng'ono wofunitsitsa kuoneka pansanja ndi kukwera nawo basi ya kumpikisano, pamakhala mpata wa nkhanza. Makolo ena amaletsa ana awo aakazi kulowa zisudzo pa chifukwa chimenechi, ndipo sitingawanene kuti ndi otsalira. Kuyesa kwa poyera kumateteza mtsikana, kumatetezanso mphunzitsi wachilungamo ku mphekesera. Ana aphunzitsidwe kuyambira pano kuti odishoni yoona sichitikira kunyumba kwa munthu, sichitika usiku, ndipo woitana anthu kuti akayesedwe akayamba ndi kufuna ndalama kapena zithunzi za thupi, athawe n'kukanena. Adzakumana nazo pa Facebook ndi pa WhatsApp akangomaliza sukulu. Amene sanasankhidwe auzidwe chimodzi chimene anachita bwino ndi chimodzi choti akonze, kuti kugwa kusakhale chitseko chotsekeka.

Pali amene amati nkutaya nthawi, zisudzo m'Malawi muno sizidyetsa. Nzoona kuti ochepa ndi amene amakhalira zisudzo zokha. Koma mipata ilipo, ndipo ikabwera sidikira. Shemu Joyah wajambula Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise ndi Amalawi. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Mawailesi ndi mabungwe monga YONECO ndi CRECCOM, omwe ali muno mu Zomba, amagwiritsa ntchito masewero pofalitsa mauthenga. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka mu 2019, inajambulidwa ku Kasungu, nkhani yake ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, Lily Banda anachita bwino mbali ya mlongo wake, koma mbali ya William yeniyeniyo inapita kwa Maxwell Simba wa ku Kenya. Mnyamatayo anagwira ntchito yake, ndipo sindikumudandaula. Chimene chimandiwawa ndi funso ili: opanga filimu ena atabwera mawa kufuna mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi wolankhula Chichewa cha kubadwa nacho, ndi sukulu zingati za kuno zomwe zingatulutse ana okonzeka kuima kutsogolo kwa kamera, kutchula dzina, kuchita gawo la mphindi imodzi ndi kulisintha akauzidwa? Masiku ano kuyesa kwambiri kumachitika pa foni: umadzijambula, n'kutumiza. Foni ya mphunzitsi mmodzi ndi yokwanira kuti ana adzione okha ndi kuphunzira kuti kamera imadana ndi kukokomeza kumene holo imakulekerera.

Ndipo ngakhale mwana asadzapondenso pansanja, zimene waphunzirazo adzayenda nazo. Adzaima pamaso pa ofunsa mafunso a ntchito. Adzafotokozera dokotala wa pa Zomba Central Hospital matenda a mayi ake mwadongosolo. Adzaima pabwalo kuteteza munda wa amasiye. Mtsikana amene wazolowera kumva mawu ake akudzaza chipinda savuta kunena kuti ayi, ndipo savuta kukanena wina akamulakwira. Komabe sindikufuna kuti zisudzo tiziziteteza ndi phindu la kumbali lokha, ngati kuti pazokha nzopanda pake. Mwana amene wakhala mphindi ziwiri m'moyo wa mayi wa nkhuni uja sadzamuonanso ngati chinthu chongodutsa pamsewu, ndipo zimenezo nzokwanira kuti sukulu ipatule nthawi.

Choncho pempho langa likupita kwa anthu odziwika malo awo. A dipatimenti yophunzitsa zisudzo ku University of Malawi, ophunzira anu amafuna pochitira zimene akuphunzira. Atumizeni awiriawiri masana amodzi pa sabata ku Masongola, ku Mulunguzi, ku Likangala, ku St Mary's, ku Zomba Catholic ndi kusukulu zoyendera za m'mbali mwa tauni, ndipo ntchitoyo iwerengedwe pa maphunziro awo. A ku Domasi, mphunzitsi wa zilankhulo asatuluke pakoleji asanaphunzire kuyendetsa kalabu ya zisudzo, chifukwa mukudziwa kuti akafika kusukulu adzam'patsa. A Malawi Institute of Education, kabuku kamodzi ka zigawo zifupizifupi za munthu mmodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, zolembedwa ndi alembi athu, kangafike sukulu iliyonse pa mtengo wochepa. Okonza mipikisano, a ATEM ndi a NASFEST, tsekulani gawo la munthu mmodzi la ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 okha. Sukulu yosauka yomwe singathe kulipira minibasi ya ana makumi awiri itha kutumiza mwana mmodzi ndi mphunzitsi wake.

Koma aphunzitsi aakulu simuyenera kudikira onsewa. Lamulo limodzi lili m'manja mwanu teremu ino: sewero la kumpikisano lisagawidwe mbali mpaka mwana aliyense wa m'kalabu, kuyambira wamng'ono wa Fomu 1, ataima yekha n'kumvedwa, ndipo mndandanda wa amene ayesedwa ufike pa tebulo lanu musanasaine ndalama ya ulendo.